Chikalakala chobwereka ku Likoma

Agogo anga, obereka mayi, sankanena kuti buku. Ankati chikalakala. Ife adzukulu okulira ku Ndirande tinkadabwa nawo mawuwo, poti kwa ife chikalakala chinali chipepala chokulungira zitumbuwa pamsika. Iwo sankasintha. Anabadwira ku Likoma, anakulira konko, ndipo ngakhale anakhala mu Blantyre zaka zoposa 50, lilime lawo linatsalira kunyanja.

Madzulo tikatha kudya ankakoka bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi, n'kuvala magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, n'kusendeza koloboyi pafupi. M'bokosimo munali mabuku osapitirira 20: Baibulo, buku la nyimbo, mabuku a sukulu amene ana awo anasiya, ndi magazini akale a Moni omangidwa pamodzi ndi chingwe. Pansi penipeni panali kabuku kopanda chikuto, kokulungidwa m'kansalu ka chitenje. Ena onsewo ankatilola kuwagwira bola tasamba m'manja. Kameneka ayi.

"Ichi si changa," ankatero. "N'chobwereka."

Nkhani yake ndinaimva nditakula. Ali mtsikana anabwereka kabukuko m'kabati ya aphunzitsi a pamishoni. Munali nthano ndi timaphunziro towerenga, m'Chinyanja cha kunyanja. Masiku omwewo ukwati unachitika, agogo aamuna anapeza ntchito ya ukalaliki ku Blantyre, sitima ya Ilala, imene nthawi imeneyo inali idakali yatsopano, inafika, ndipo m'chipwirikiti cha kulongedza kabukuko kanalowa m'katundu. Anakazindikira ali kale pakati pa nyanja. Ankati adzapatsira munthu wopita kwawo, koma wina ankamukayikira kuti akataya panjira, wina ankanyamuka asanatsanzike. Kenaka ana anabadwa, maliro anagwa, zaka zinapita.

Atadwala matenda awo omaliza anandiitana pambali pa bedi m'chipatala. Ndinkayesa andiuza za nyumba kapena za munda wa ku Lunzu. Anandigwira dzanja nati, "Mdzukulu wanga, iwe ndiwe wokonda kuwerenga. Ukabweze chikalakala cha eni ake."

Chinatha chaka ndisanapeze tchuthi ndi ndalama. Ndinakwera basi ku Wenela, kudutsa Zomba, Liwonde ndi Mangochi mpaka ku Monkey Bay, ndipo Lachisanu m'mawa ndinakwera Ilala yomwe ija inawatenga agogo kwawo. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Inapangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa, n'kudzalumikizidwa kuno. Ndinagona pansi pakati pa matumba a chimanga, malata, makatoni a sopo ndi mabotolo a mafuta ophikira, kabuku ka agogo ndili nako m'jumbo mkati mwa malaya. Usiku mwera unawomba, ambiri tinasanza. Loweruka tinaona milambe ndi miyala ya Likoma. Nthawi imeneyo sitima inkaima patali, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono, kenaka n'kuponda m'madzi katundu ali pamutu. Ndikuyang'ana zimenezi ndinamvetsa chinthu chimene munthu wa mu Blantyre sachiganizira: chilichonse chopangidwa ndi pepala chimene chili pachilumbapo chinadutsa pamadzi amenewa, pamutu pa munthu.

Likoma ndi kadera kakang'ono, makilomita 18 okha m'bwalo lake lonse, ndipo pamodzi ndi Chizumulu kazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Ukaima kugombe la kum'mawa mapiri a ku Cobue umangowaona apo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 14,500 m'boma lonselo. Ndirande yokha imameza chiwerengero chimenechi kangapo. Koma mbiri ya mabuku ya kachilumba kameneka ndi yolemera moti ndimamva chisoni kuti kusukulu sanatiuze zambiri.

Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anayamba kufika ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, kufupi ndi kwathu konkuno. Malungo, njala ndi nkhondo zinawabweza, n'kukakhazikika ku Zanzibar. Atabwereranso kunyanja m'zaka za m'ma 1880 anasankha Likoma kukhala likulu lawo, chifukwa pachilumba panali potetezeka ku nkhondo za kumtunda komanso panali pabwino poimika sitima yawo, Charles Janson. Anatsegula sukulu, anaika makina osindikizira. Pofika 1893 mmodzi mwa amishoniwo, Chauncy Maples, anali atayamba kutulutsa nyuzipepala ya The Nyasa News pachilumba pomwepo. Maples yemweyo anamira m'nyanja mu 1895 atangodzozedwa kumene kukhala bishopu, ndipo sitima ina imene inayamba kuyenda mu 1901 inatchedwa dzina lake. Mnzake William Percival Johnson anadwala maso mpaka kutsala pang'ono kukhala wosaona, komabe anatha zaka zambirimbiri akuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, akumasulira malemba mothandizana ndi eni chilankhulo. Baibulo lonse m'Chinyanja cha ku Likoma linatuluka mu 1912, zaka 10 Buku Lopatulika la 1922 lisanatuluke. Dzina lake linali Chikalakala Choyera. Tsiku limene ndinamva zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali. Mawu aja tinkadabwa nawo pakamwa pa agogo anali mawu a pachikuto cha Baibulo la kwawo.

Sindikufuna kuwayeretsa azungu amenewa ngati angelo. Anabwera ndi zolinga zawo, ndipo nthawi yawo ndi yomweyo imene dziko lathu linagwa m'manja mwa atsamunda. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903 ndipo chinapatulidwa mu 1911, timachitchula ndi dzina la mmisiri Frank George, koma osenza miyala, oumba njerwa ndi osema mitengo anali amayi ndi abambo a pachilumbapo ndi a kutsidya, amene maina awo sitiwamva. Chimodzimodzi ndi mabuku. Oyala zilembo m'makina, ophunzitsa ana pansi pa mitengo, okonza Chinyanja chopotoka cha azungu, anali makolo athu. Kuwerenga anakulandira n'kukusandutsa chawo. Nthaka ya Likoma ndi yamiyala, chimanga sichichita bwino, anthu amadalira chinangwa ndi nsomba. Choncho sukulu inakhala ngati munda wachiwiri, ndipo ana a pachilumba anabalalika kukakhala aphunzitsi, ansembe ndi akalaliki m'Nyasaland yense mpaka ku Rhodesia ndi ku Joni. Agogo anga aamuna anali mmodzi mwa iwo.

Lamulungu ndinapemphera m'tchalitchimo, pamalo otchedwa Chipyela. Titatuluka ndinafotokozera mkulu wina wa mpingo chimene ndinadzera. Anati kabati ija ya aphunzitsi inatha kalekale, koma ngati ndikufuna kuti kabukuko kakhale pamene anthu angakaone, ndipite kwa aphunzitsi ena opuma ntchito amene amasamala kanyumba kowerengeramo. Anandipatsa mnyamata woti andiperekeze.

Kanali kachipinda kamodzi ka malata, mawindo awiri, mabenchi anayi ndi tebulo lalitali. Mashelefu anali a matabwa wamba, miyendo yake itaimikidwa m'zitini zothiramo oyilo wakutha kuti chiswe chisakwere. Aphunzitsiwo anali bambo wamtali, waimvi, malaya atapisira bwinobwino ngati akupita m'kalasi. Nditapereka moni ndinamasula kansalu kaja n'kuwapatsira ndi manja awiri.

Anakatembenuza pang'onopang'ono. Chidindo cha patsamba loyamba chinali chitafufutika, koma mawu oti Likoma ankaonekabe. Anawerenga mizere itatu mokweza, ndipo m'mawu awo ndinamva kalankhulidwe ka agogo, kamene ndinali ndisanakamve chiwaikire m'manda. Anandifunsa dzina lawo la pautsikana ndi mudzi wawo. Nditatchula anagwedeza mutu, nati banjalo akulidziwa, ena mwa abale alipo kumpoto kwa chilumba. Kenaka anakoka kaundula, kope lalikulu lachikuto cholimba lojambulidwa mizere ndi rula, n'kulemba dzina la agogo. Pamalo a tsiku lobwereka anasiya popanda kanthu. Pamalo a tsiku lobweza analemba deti la tsikulo, n'kundipatsa cholembera kuti ndisayine m'malo mwawo.

Ndinayamba kupepesa chifukwa cha kuchedwa. Anandidula.

"Ayi mwanangu, musapepese. Mayi amenewa atisungira. Kakanakhala kuno chiswe chikanadya kale. Anzake onse a kabuku aka anatha."

Ndinali ndi masiku angapo ndisanakwerenso sitima, ndipo ambiri mwa iwo ndinathera m'kachipindako. Zimene ndinaona ndi zimene zandichititsa kulemba nkhani ino.

Ankatsegula m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu, kaya kubwera munthu kaya ayi. Oyamba kufika anali abambo achikulire odzawerenga nyuzipepala. Nyuzizo zinkabwera mtolo umodzi patsiku la sitima, za sabata yonse, wina wa ku Nkhata Bay ndiye ankawasonkhanitsira. Aphunzitsi ankazisanja motsata madeti n'kumatulutsa imodzi patsiku, kuti sabata ithe anthu akadali ndi chatsopano. Nkhani zambiri anthu anali atazimva kale pawailesi, komabe ankawerenga mpaka zidziwitso za maliro ndi za ntchito, n'kumatsutsana za mpira. Masana ankabwera amayi, wina ndi kalata yochokera kwa mwana wake ku Joni, wina ndi fomu yofuna kudzaza, wina ndi pepala la kuchipatala loti amufotokozere kamwedwe ka mankhwala monga adokotala analembera. Palibe chikwangwani chimene chinkanena kuti ntchito zimenezi zimachitika pamenepo. Anthu ankangodziwa kuti pamene pali mabuku pali munthu wodziwa mapepala.

Sukulu zikaweruka m'kachipindamo munkadzaza. A Fomu 4 ankalimbirana mabuku ochepa a Biology ndi Masamu ndi mapepala a mayeso a MSCE a zaka zam'mbuyo. Amenewa sankatuluka panja, ndipo aphunzitsi ankagawa nthawi ndi wotchi: ola likakwana buku lipite kwa wina. Loweruka m'mawa inali nthawi ya tiana. Ankakhala pamkeka panja pansi pa mtengo wa mango, aphunzitsi akuwerenga nthano, akusintha mawu, pena kalulu pena fisi, kenaka n'kupatsa mwana mmodzi kuti apitirize. Ndinaona mnyamata wina wa zaka ngati 10, mamba a usipa adakali m'manja chifukwa anachokera kothandiza kuyanika pathandala, akupukuta zala pakabudula kawiri konse asanagwire tsamba.

Khadi la umembala kunalibe, chikole kunalibe. Ndinafunsa ngati mabuku sasowa. Anati amasowa ochepa kwambiri, nanga munthu athawira nalo kuti? Wobwereka aliyense amamudziwa, amadziwa mayi ake, amakumana naye kutchalitchi kapena kugombe. Mdani wamkulu ndi chinyezi, chiswe ndi kutha kwa buku chifukwa chogwiridwa ndi manja ambiri. Madzulo ena ndinawathandiza kusoka mabuku ndi singano yaikulu ndi ulusi wa ukonde, n'kumata zikuto zodula m'makatoni a sopo. Buku lina la nthano anati alisoka kachisanu.

Pali chinthu chimodzi chimene chinandiwawa, ndipo chimandiwawabe. Shelefu yonse ya pansi inali yodzaza ndi mabuku okongola, a zikuto zolimba, amene palibe ankawagwira. Anabwera ngati mphatso kuchokera kunja: malamulo a misonkho a dziko lina, kasamalidwe ka maluwa m'nyengo ya chipale chofewa, malangizo a makompyuta amene anasiya kupangidwa kalekale. Anthu anawasenza pamutu kudutsa m'madzi aja. Pamene mabuku a m'Chichewa onse pamodzi sankadzaza ngakhale theka la shelefu, ndipo ndiwo anali othaitha, osokedwasokedwa. Opereka anali ndi mtima wabwino, sindikukana. Koma kupereka osafunsa wolandira chimene akusowa nthawi zina kumangokhala kusesa m'nyumba mwako. Ndipo ife eni ake tili ndi gawo lathu pamlanduwu. Timalemba zochepa m'chilankhulo chathu, timagula zochepa, ndipo ambiri timaona ngati mwana wowerenga Chichewa akutaya nthawi. Mwana amene wazolowera kukoma kwa nkhani m'chilankhulo cha mayi ake savuta kumukokera ku Chingerezi. Wovuta ndi amene anaphunzira kuti buku ndi chilango.

Ndili m'sitima pobwerera maganizo anga anali pa Blantyre. Mzinda wathu si mlendo pa za mabuku. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876. David Clement Scott, amene anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, anatulutsanso dikishonale yaikulu ya Chimang'anja mu 1892. Ku Mandala House, nyumba ya mu 1882, kuli laibulale ya Society of Malawi yosunga mabuku ndi zithunzi zakale za dziko lino. National Library Service inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ndipo nthambi yake ya mu Blantyre ndi imene inandilera ine. Ndili Fomu 4 ndinkayenda wapansi kuchoka ku Ndirande m'mamawa kuti ndikapeze mpando, chifukwa ukachedwa unkapeza modzaza kale ndi olemba mayeso osiyanasiyana. Kunyumba tinalipo anthu 9 m'zipinda ziwiri. Tebulo lopanda mbale, lopanda mwana wolira, lopanda wokutuma kumsika, ndinalipeza kumeneko kokha. Mayi wina wogwira ntchito pamenepo ankandisungira buku la Geography akaona kuti ndachedwa. Dzina lake sindinalifunse n'komwe, koma satifiketi yanga ili ndi dzanja lake.

Komatu mzinda uno uli ndi anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Mwana wa ku Bangwe, ku Mbayani, ku Chirimba, ku Machinjiri kapena ku Chilobwe kuti akafike kumene kuli mabuku afunika ndalama ya minibasi popita ndi pobwera, ndipo m'nyumba zambiri ndalama imeneyo ndi ya ndiwo. Wa Sitandade 4 sangapite yekha m'tauni. Ndiye mwana wa ku Likoma, amene timamumvera chisoni kuti ali kutali ndi chilichonse, amayenda mphindi zochepa n'kupeza munthu womuwerengera nthano, pamene mwana wa m'makwalala a Ndirande, amene akuona nyumba zosanja za m'tauni ali pakhomo pawo, amatha kumaliza pulayimale asanagwirepo buku limene si la m'kalasi. Kuyambira 1994 sukulu ya pulayimale ndi yaulere ndipo makalasi anadzaza, koma malo oti ana amenewa akawerengereko akaweruka sanachuluke nawo limodzi.

Anzanga kuntchito ku Limbe amandiuza kuti ndikulimbana ndi zakale, masiku ano zonse zili pafoni. Inenso foni ndili nayo, ndipo nkhani ino mukuiwerengera pomwepo. Koma m'nyumba zambiri za kwathu kuno foni yolowa pa intaneti ndi imodzi, ili m'thumba la bambo, bandulo imatha, magetsi amathima. Ndiponso foni simuuza mwana kuti, "Wamaliza lija? Ndiye tenga ili, ulikonda." Chimene ndinaona ku Likoma sichinali kuchuluka kwa mabuku, poti anali ochepa. Chinali munthu mmodzi wotsegula chitseko tsiku ndi tsiku, wodziwa owerenga ake ndi maina, ndi kope lolembamo kuti wakutiwakuti tamukhulupirira ndi chinthu cha tonse, adzabweza.

Nditafika ndinagula kope lachikuto cholimba ndi rula. Kalipentala wa pafupi ndi msika anandikhomera kabati ya zitseko ziwiri, ndinaiika pakhonde. Ndinayamba ndi mabuku otsala a agogo, anga a kusekondale, ndi ena amene ndinagula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Ndimatsegula Loweruka masana ndi Lachitatu madzulo. Sabata zoyambirira ankabwera ana atatu a nyumba yoyandikana nafe. Pano ena amachokera kutsidya kwa mtsinje wa Nasolo. Kuno si pachilumba, mabanja a lendi amasamuka usiku, ndipo mabuku ena apita osabwerera. Ndimadandaula, koma sindinayambe kufunsa chikole, ndipo sindidzayamba. Kamodzi pachaka ndimalongedza katoni ya mabuku a m'Chichewa ndi mapepala a mayeso, ndimaikulunga m'majumbo awiri chifukwa cha madzi aja, n'kupatsira wachibale wopita ku Nkhata Bay. Ndisanagule ndimayamba ndaimba foni kufunsa chimene chikusowa.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kukokolola anthu ku Chilobwe, kuno ku Ndirande ndi madera ena a mzinda uno, kabati inakhala yotseka pafupifupi mwezi. Tinali kumaliro ndi kumisasa. Mabuku 14 anali kunja nthawi imeneyo, ndipo mumtima ndinali nditawafafaniza. Loweruka lina ndikusesa pakhonde ndinamva odi. Anali mayi wina ndi mwana wake wamkazi wa Sitandade 6, amene ankakonda kukhala pakona pafupi ndi ndowa. Nyumba yawo inagwa khoma limodzi, ankagona kusukulu. Mayiyo anagwada n'kutulutsa m'chitenje buku la nthano lotupa ngati mkate, masamba atapindikapindika, matope atauma m'mphepete.

"Pepani achimwene," anatero. "Tinalipeza pansi pa njerwa. Ndakhala ndikuliyanika tsamba limodzilimodzi, koma ena akana kumatuka. Mwanayu akuopa kubwera, akuti mumukalipira."

Ndinawauza kuti adzuke akhale pampando. Ndinatsegula kope, ndinapeza dzina la mwanayo, ndinalemba deti pamalo a tsiku lobweza, n'kumupatsa cholembera kuti asayine. Atasayina anaima chete akuyang'ana kabati. Ndinatsegula zitseko zonse ziwiri. Anapukuta manja padiresi lake, n'kuyamba kuyendetsa chala pashelefu ya pakati.